Pikapu Yosalira ya Mfumu Ndatero

Musavutike kuufunafuna pa mapu ufumu wa Zilibwino, simuupeza. Wojambula mapu anafikako magetsi atazima. Koma ulipo ndithu, ndipo anthu ake ukawafunsa kuti moyo ukuyenda bwanji, amangokutchulira dzina la dziko lawo n'kuyang'ana kumbali. Masiku ndikunenawa woulamulira anali Mfumu Ndatero, munthu wamfupi wa mawu aakulu, amene ankakhala pamwamba pa phiri la Musafunse. Msewu wotsika kuphiriko unali umodzi wokha, ndipo unkadutsa pakati penipeni pa msika wa Nangatitani.

Msewu umenewu unali ndi malamulo awiri osamwerana madzi. Loyamba linkati Mfumu ikamadutsa, aliyense agwade. Lachiwiri linkati pasapezeke woyang'ana kumene Mfumu ikuchokera, poti maso a anthu wamba amadwalitsa mafumu chimfine. Choncho mabenchi onse a pamsika anafulatira msewu. A tomato, a kaunjika, okazinga tchipisi, onsewo ankachita malonda atalozetsa nkhongo kuphiri. Nanga munthu ugwadira bwanji chinthu chimene sukuloledwa kuchiona? Apa tsono ndi pamene ankadyera a Dafuleni Kachingwe.

A Kachingwe anali Mkulu wa Khutu wa pamsikapo, udindo umene anawasiyira malume awo pamodzi ndi mpando wa miyendo itatu. Ankakhala pansi pa mtengo wa mango, nawonso atafulatira msewu, khutu lili tcheru. Akangomva galimoto ya Mfumu ankagogoda chitsulo chopachika pamtengopo, ngwe ngwe ngwe, msika wonse n'kugwa ndi mawondo. Makutuwo analidi makutu, abale, aakulu, opyapyala, oti dzuwa likawomba kumbuyo ankafiira. Akazi awo, a Nangondo, ankawatokosa ndi nthenga ya nkhuku Loweruka lililonse, ndipo ankauza anzawo poyera kuti iwo anakwatiwa ndi makutu, zina zonsezo zinangobwera ngati banyira.

Kunena chilungamo, ntchitoyo sinali yovuta. Galimoto ya Mfumu inali chigalimoto chakale cha dizilo chimene anthu anachitcha Chifuwa, ndipo chinkayamba kukhosomola chisanatuluke n'komwe pachipata. Ngakhale gonthi akanachimva ndi mapazi. Koma zimenezi simukanazinena a Kachingwe ali pafupi.

Anthu ankachikonda Chifuwa, ndipo chifukwa chake ndikuuzani. Chikamadutsa, phokoso lake linali loti sumva ngakhale mawu ako omwe. Anthu ali chogwada, akuwomba m'manja, pakamwa pankayenda. Mfumu ikaona nsagwada zikugwedera inkati anthu anga akundiimbira. Kumeneko kunali kuimba? Uyu akutukwana mtengo wa shuga, uyo akufunsa kumene kunalowera mlatho umene anausonkhera, winayo akufotokoza bwinobwino msinkhu wa Mfumu poufanizira ndi chitsa. Inali nthawi yokhayo imene munthu wa ku Zilibwino ankanena zakukhosi, ndipo ankadzuka pamenepo mtima uli mbee, n'kupitiriza kugulitsa tomato.

Kenako mafuta anayamba kusowa. Pepani, ndalakwa, ku Zilibwino mafuta sasowa, amapuma. Nduna ya Mafuta ndi Mizere ndiyo inalengeza choncho. Anapuma mpaka njinga zamoto zoperekeza Mfumu zinamera udzu m'masipoko, Chifuwa nacho chinakhala chete kuseri kwa khitchini. Mphekesera zinamveka zoti kuphiri kwafika galimoto yatsopano yochokera kutsidya kwa nyanja zamchere, koma mphekesera ku Nangatitani n'zambiri kuposa makasitomala.

Tsiku lina dzuwa lili paliwombo, a Kachingwe ali pampando wawo, akumva njiwa, akumva mafuta a tchipisi akuthetheka, anangomva kamphepo kakuwapita m'khosi. Kenako fumbi. Kenako nsapato za asilikali. Mfumu Ndatero inali itadutsa pakati pa msika wonse anthu ali chilili, wina akudzikanda m'chiuno, wina akukangana ndi kasitomala pa mulu wa bonya, mayi wina atawerama kutola anyezi, mbuyo italoza kumene sikuyenera kulozedwa.

Choyamba chimene a Kachingwe anaganiza n'chakuti makutu afa. Anawauza a Nangondo kuti apite kutsidya kwa ngalande akanong'one chilichonse. A Nangondo anapita, nanong'ona kuti ukamuona munthu wamkulu akulipidwa chifukwa chokhala pansi, tsiku lake limafika. A Kachingwe anamva mawu onse bwinobwino, ndipo sanadziwe ngati asangalale kapena akwiye. Asilikali sanawapatse mpata wosankha, anawatenga ulendo wa kuphiri.

Pabwalo la nyumba yachifumu anaiona galimotoyo. Inali pikapu yoyera ya zitseko zinayi, bodi yake yaikulu yoti n'kunyamula matumba a chimanga a mudzi wonse, koma yomangiriridwa kukhoma ndi chingwe chakuda ngati mbuzi. Anawalowetsa m'chipinda cha nduna n'kuwagwadika pakona, chifukwa bwalo linali lisanamalize nkhani ina yofunika kuposa iwo. Nkhaniyo inali ya matayala, ndipo inali itadya kale milungu.

Pakati pa chipindacho panaima bambo wa tayi yofiira, wa kampani imene inabweretsa galimotoyo. Anabwera kudzangopereka makiyi, koma anauzidwa kuti sachoka mpaka bwalo litamvetsa, moti tayiyo tsopano inali itada. Anayambanso kufotokoza ndi mawu a munthu amene wafotokoza kambirimbiri. Anati pikapu imeneyi ili ndi mphamvu ziwiri: injini ya petulo pansi pa boneti, ndi mota ya magetsi imene imadya kuchokera ku batire lalikulu lotchajira pakhoma. Anati zilipo zina zimene matayala akumbuyo okha ndiwo amakankha, zilipo zimene akutsogolo amakoka, koma iyi Mfumu inasankha n'njapamwamba: injini imazunguza akutsogolo, mota imazunguza akumbuyo, ndipo onse anayi akagwirizana galimoto imatuluka ngakhale m'matope a mwezi wa Febuluwale.

Nduna Yaikulu inaimirira. Inati zokankhidwa kumbuyo ndi wilibala ndi mkamwini waulesi, osati Mfumu. Nduna ina inati nanga kukokedwa, chokokedwa si ngolo? Ndiye kuti pali china chimene chili patsogolo pa Mfumu? Wa tayi anayesa kunena kuti n'chifukwa chake onse anayi amagwira limodzi mofanana, koma apo ndiye anaponda pa moto. Nduna Yaikulu inatsitsa mawu n'kunena kuti zimenezo zisatuluke m'chipinda muno, chifukwa anthu akamva kuti matayala akumbuyo ali ndi mphamvu yofanana ndi akutsogolo, ayamba kuganiza. Mfumu inagwedeza mutu, ndipo pompo linakhazikitsidwa lamulo lakuti matayala a pikapu yachifumu sakoka ndipo sakankha. Imayenda ndi Mfumu, matayala amangoperekeza.

A Kachingwe, mawondo akuwawa pakonapo, ankadzifunsa kuti nanga ngati injini ilimo, bwanji sinalire? Yankho analimva kwa msilikali amene ankawalondera, mkulu wina wonyamula lumo m'thumba la malaya, amene ankayankhula mokweza poti makutu ake anagontha kalekale pokwera kumbuyo kwa Chifuwa. Anati tsiku loyamba, pokwera phiri, batire litachepa mphamvu, injini inadzuka yokha, vuuu, Mfumu ili pakati pa chiganizo. Mfumu inafunsa kuti ndani wailola. Dalaivala anakana, nduna zinakana. Wa tayi, posadziwa dziko, anati muli kabokosi kamene kamasankha kokha nthawi yoti injini ithandize mota. Ha, kusankha kokha? Ku Zilibwino? Atambala awiri salira m'khola limodzi. Injini inazengedwa mlandu woyankhula isanapatsidwe mwayi, n'kupezeka yolakwa. Boneti anaikhoma loko, petulo anamupopa yense, ndipo akuti anakapuma m'galimoto ya mkazi wa Nduna ya Mafuta. Kuyambira pamenepo injini inkangoyenda nawo ulendo uliwonse ili duu, kuwonjezera kulemera basi. Nduna zinaona kuti chilangocho n'chabwino, poti ntchito yoteroyo zinkaidziwa.

Itakwana nthawi yawo, a Kachingwe anawakokera pakati. Anawomba m'manja, maso ali pansi.

“Wamkulukulu, khutu limamva chimene chalira. Injiniyo ikanati izingokhosomolako kamodzi pofika pamsika, ine n'kugogoda, basi.”

“Wandende sakhosomola pamaso panga,” inatero Mfumu.

A Kachingwe anatchulako za hutala. Mfumu inafunsa ngati iwo akuiona ngati minibasi yoitanira anthu. Anatchulako za belu, ngakhale kabelu kakang'ono. Nduna Yaikulu inati belu amamangirira ng'ombe yosochera. Apo inalowererapo Nduna ya Magetsi ndi Mdima, imene inali isanayankhule tsiku limenelo ndipo inkaopa kuiwalika. Inati munthu uyu akunyoza galimoto imene dziko lonse limailemekeza. Kodi sadziwa kuti pikapuyi ikamadya, ufumu wonse umadikira? Mwana sapisa dzanja m'mbale bambo asanadye. Chingwe chikangolowa pakhoma, magetsi onse a Zilibwino amakwera phiri, ndipo satsika mpaka galimoto itakhuta n'kumasulidwa. Nduna zinawomba m'manja. A Kachingwe mawuwo anangowadutsa, maso awo anali pa thumba la msilikali uja.

“Makutu amenewo ndi anga,” Mfumu inamaliza. “Ndinangokubwereka. Ndikadzadutsanso anthu ali chilili, udzabweza onse awiri. Ndatero.”

Anatsika phiri atagwira makutu ndi manja awiri. Kunyumba a Nangondo anamva nkhani yonse, kenako anafunsa kuti nanga chipewa cha amuna awo cha ku tchalitchi chizikhala pati. Anaseka okha, koma kusekako kunathera m'misozi, ndipo analowa m'nyumba osafuna kuti amuna awo aone. A Kachingwe chakudya chinawakanika. Akuluakulu anati chakudza sichiimba ng'oma, koma iwo sankadziwa kuti tsiku lina chidzabwera pa matayala anayi.

Masiku otsatira msika unaona zakuda. A Kachingwe anasiya mpando n'kugona chammbali, khutu lili pa dothi. Kakangomveka kalikonse kofwenthera mumsewu, iwo ngwe ngwe ngwe. Msika unagwadira wa kabaza. Unagwadira wilibala ya makala. Tsiku lina unagwadira nkhumba ya munthu imene inadula chingwe, ndipo nkhumbayo inaima n'kudya kabichi wa mayi wina iye ali chogwada, osatha kucheuka. Anthu anayamba kunena kuti mwina mkuluyu atachotsedwa makutuwo mutu ungamapepukeko.

Pafupi ndi mtengo wa mango uja panali kashopu ka Sipiliano wometa, munthu wopanda changu pa chilichonse, chifukwa ntchito yake inamuphunzitsa kudikira. Chifikireni pikapu, theka la amuna a ku Nangatitani ankayenda ndi mitu yometedwa mbali imodzi. Makina ankazima pakati pa mutu, Sipiliano n'kumuuza kasitomala kuti apite, abwere magetsi akayaka. Anthu anazolowera mpaka achinyamata anayamba kuitanitsa dala kametedwe kameneko. A Kachingwe anapita kumeneko kuti awachotseko tsitsi lozungulira makutu, mwina n'kumvako bwino. Anapeza magetsi kulibe, anakhala pabenchi, ndipo poti mtima wodzaza susunga mawu, anafotokoza zonse za kuphiri, za matayala operekeza, za injini ya m'ndende, mpaka za mwana amene sapisa dzanja m'mbale.

Sipiliano anasiya kupukuta chipeso. Anawapempha kuti abwereze mawu a nduna ija. Atabwereza, anakatseka chitseko.

“Achimwene, tsiku lija Mfumu inatipeza chilili, ine ndinali pamutu pa munthu. Makina anali atangoyamba kulira. Ndikanameta ndi chiyani magetsi kulibe?”

A Kachingwe anadzuka pabenchi paja.

“Akayaka kuno,” anatero Sipiliano, akuloza babu la kudenga, “ndiye kuti mbuzi yamasulidwa.”

Anagwirizana kuti zimenezi zithere momwemo. Kuphiri kukanamveka zoti msika ukugwada chifukwa cha babu la wometa, ndiye kuti babulo ndi tambala wachiwiri, ndipo lumo silikanathera pa makutu okha. Sipiliano anasiya switchi ili choyatsa, chitseko chili chotsegula pang'ono. A Kachingwe anabwerera pampando wawo n'kuusuntha pang'ono, ati pothawa dzuwa. Mkulu wa Khutu wa ku Nangatitani anayamba kugwira ntchito ndi maso.

Babulo linakhala lozima mpaka iwo anayamba kukayika. Ndiye m'mawa wina, anthu akuyala malonda, linangoti ngwee. A Kachingwe anagogoda chitsulo ndi mphamvu zonse za makolo awo. Msika unagwada monyinyirika, pokumbukira nkhumba ija. Kunali zii. Palibe chinabwera. Dzuwa linakwera, mawondo anayamba kuyaka pa miyala, tchipisi zinapserera m'chiwaya mwini wake akumva fungo. Wina chapansipansi anati kodi lero tikugwadira mphaka wa ndani. A Kachingwe thukuta linkatsika kuseri kwa makutu, ndipo mumtima anayamba kuwatsanzika, lakumanzere kaye, kenako lakumanja. Akanati anthu adzuke, galimoto n'kutulukira, zatha. Akanati akhalebe, anthu akanawadzukira okha. Anamva a Nangondo akupemphera pakati pa mabenchi a tomato, ndipo pempherolo linali loopseza Mulungu pang'ono.

Kenako kamphepo kaja, m'khosi. Fumbi. Matayala operekeza anaima kumbuyo kwawo kwenikweni, galasi n'kutsika.

“Iwe wa makutu. Wamva chiyani?”

“Ulemerero wanu, Wamkulukulu. Umamveka musanafike.”

Eti munthu akapulumuka pakamwa pamatsekemera. Mfumu inakondwa kwabasi. Inauza Nduna Yaikulu, imene inali pampando wakumbuyo, kuti nayu munthu wakumva zinthu zosalira, ndipo makutu otere sayenera kuwonongekera pa msika. Ngati akumva galimoto yachete, ndiye kuti angamvenso zimene anthu amaimba, poti chichokereni Chifuwa Mfumu inkafunitsitsa kudziwa mawu a nyimbo zija. Asilikali anawanyamula a Kachingwe n'kuwaponya m'bodi, pambali pa mkulu wa lumo, ndipo anawasunga kuphiri kudikira ulendo wotsatira. Chitsulo a Kachingwe anasiyira Sipiliano, ati wophunzira ntchito.

Ulendowo utafika, a Kachingwe anaona okha chingwe chikuzulidwa pakhoma. Pikapu inatsetsereka phiri mwakachetechete, injini ili m'ndende yake kutsogolo, mota ikukankha kumbuyo mosemphana ndi lamulo. Ali chapatali anamva ngwe ngwe ngwe, mtima n'kukhala pansi. Polowa mumsika anaona chimene sanachionepo moyo wawo wonse: misana ya anthu a kwawo, mizere mizere, zigamba za malaya, mipango yofwifwa, mitu yometedwa mbali imodzi. Zinawamvetsa chisoni, osadziwa kuti chifukwa chiyani.

Koma chizolowezi n'chinthu choipa. Ulendo watha uja anthu anali chete chifukwa cha mantha ndi kutopa. Lero mantha anali atatha, manja anayamba kuwomba, ndipo pakamwa panatseguka pokha monga mwa masiku a Chifuwa. Anaiwala kuti Chifuwa kulibe. Mkati mwa galimoto magalasi anali otseka, kamphepo kozizira kakuwomba, Mfumu ikungoona nsagwada. Mkulu wa lumo anali gonthi. Koma m'bodi, kwa munthu wa makutu ngati a Kachingwe, mawu aliwonse ankafika osasenda.

Anamva wa chigayo akuti chimanga cha anthu chafumbwa podikira magetsi. Anamva wa butchala akuti nyama yawola, aidye yekha mwini galimoto. Anamva wina akufunsa ngati pikapuyo ili ndi njoka m'mimba, poti sikhuta. Magetsi, magetsi, magetsi, mbali zonse. Ndipo pamwamba pa onsewo anamva mawu amene akanawazindikira ngakhale m'manda, a Nangondo, akuwomba m'manja mwaulemu wonse, akunena kuti kachitsa aka kanatilanda kuwala, tsopano katilandanso mwamuna, kagwere m'ngalande ndi mbuzi yake yoyerayo.

Atangopitirira msika, pamalo pamene panayenera kukhala mlatho paja, galimoto inaima. Kawindo kakumbuyo kanatseguka, nkhope ya Mfumu ili mwee.

“Akuti chiyani anthu anga?”

A Kachingwe anawerengera mumtima. Kunena zoona, ndiye kuti a Nangondo ndi msika wonse apita. Kunena kuti sindinamve, ndiye kuti lumo lili pomwepa, mwini wake wayamba kale kusisita thumba. Anafufuza bodza m'mutu, koma m'mutumo munali mawu amodzi okha amene anali atangowamva kambirimbiri.

“Akuthokoza magetsi, Wamkulukulu.”

“Magetsi?”

“Eya. Akuti akangoyaka chonchi, mitima yawo imadumpha, mawondo amangopinda okha. Akuti palibe tsiku lokoma ngati limene magetsi abwerera.”

A Kachingwe anatseka maso. Atatsegula anaona misozi ikulengeza m'maso mwa Mfumu Ndatero. Inati sinkadziwa kuti kanthu kakang'ono chotero kangasangalatse anthu ake motere, ndipo mfumu yabwino simana anthu chimene amakonda. Inalamula dalaivala kuti atembenuze, bwalo likumane msangamsanga.

Bwalolo silinachedwe ngati la matayala. Nduna ya Magetsi ndi Mdima, imene tsiku limenelo inaoneka yotalikirapo, inafotokoza kuti chimwemwe cha anthu chili pa kubwerera kwa magetsi, ndipo chinthu sichingabwerere chisanachoke. Tsono kuti chimwemwe chichuluke, magetsi azichoka kawirikawiri. Aziyaka pang'ono, anthu asangalale, azime, anthu ayembekeze, ayakenso, choncho tsiku lonse. Inawonjeza kuti kuwasiya oyaka nthawi yaitali n'kuwononga chimwemwe, chifukwa munthu amazolowera. Nduna Yaikulu inati nzeru zotere ziyenera kukumbukira mwini wake, ndipo lamulolo linatchedwa Lamulo la Kachingwe. Analilengeza pa wailesi, ngakhale ambiri anadzalimva kwa anzawo poti wailesi zinali zozima. Wa tayi anamulola kupita kwawo atalonjeza kubweretsa pikapu yachiwiri ya Mfumukazi, nayonso yodya pakhoma.

A Kachingwe anawabweza ku Nangatitani ndi ulemu, atawapachika mendulo pachifuwa, makutu onse awiri ali m'malo mwake. Mfumu inati yamva zokwanira, nyimbo za anthu ake yazidziwa. Anafika pamsika akumwetulira, akuyembekeza kuti mwina wina awagulira ngakhale kabotolo. Palibe anawayang'ana. Sipiliano anawapatsa chogogodera chitsulo, n'kubwerera kukakhala pakhomo la shopu yake, pomwe panali mzere wa amuna ometedwa kachigawo kakang'ono pamwamba pa khutu.

Walira mvula walira matope. Babu lija tsopano limayaka nthawi iliyonse imene nduna yakumbukira kuti anthu akufunika chimwemwe. Likayaka, palibe angadziwe ngati ndi chimwemwe chabe kapena mbuzi yamasulidwadi, ndipo a Kachingwe sangayerekeze kuyesa mwayi ndi makutu obwereka. Amagogoda. Msika umagwada. Nthawi zambiri mumsewu simudutsa kanthu, babu limazima anthu ali chogwada, amadzuka, amasasa mawondo, asanagulitse n'komwe mulu umodzi layakanso. Chigayo chimangoti guu n'kuleka. Mathalauza onse a ku Nangatitani anabooka m'mawondo, ndipo telala yekhayo amene akanalemera nazo makina ake ndi a magetsi.

Anthu sanasiye kuyankhula akagwada, chizolowezi sichifa. Kungoti dzina lasintha. Za chitsa zija zinachepa, poti Mfumu ili kutali ndipo magalasi ake ndi otseka. Amene ali pafupi ndi mkulu wa pansi pa mango, wa mendulo, mwini lamulo. Amamutchula ndi dzina, ndi la bambo ake, ndi la malume ake amene anamusiyira mpando, ndipo sakweza mawu chifukwa amadziwa kuti palibe chifukwa chokwezera. A Kachingwe amakhala tsonga, maso pa babu, osaphonya liwu ndi limodzi lomwe. Zimawapweteka, ndipo alibe woti amuuze.

Loweruka a Nangondo amatengabe nthenga ya nkhuku, n'kuwakhazika amuna awo pakhonde. Masiku ano amatokosa mofatsa kuposa kale, mpaka mkati mwenimweni. Tsiku lina a Kachingwe, mutu uli pa miyendo ya akazi awo, anayesa kudandaula. Anati anthu sayamika, iwo anapulumutsa msika wonse, anapulumutsanso munthu wina amene anatchula za ngalande, nanga akanatani, akanapereka makutu?

A Nangondo anapukuta nthengayo pa chitenje, n'kuuzira m'khutumo.

“Tembenukani, bambo, ndikonze linalo,” anatero. “Munawavutikira makutuwa. Ndikufuna muzimva zonse.”